Lesitilanti ya Hermitage ku Moscow, 1864 mpaka 1917: lipoti la wophika

Ndaphika m'makhitchini a mahotela kwa zaka zambiri, ndipo masiku ano nthawi yanga yambiri imathera pophunzitsa achinyamata amene akulowa kumene ntchitoyi. Gulu lililonse silisowa mmodzi wofunsa kuti saladi ya mbatatesi, karoti, nsawawa ndi mayonezi ija timaitchuliranji kuti ya ku Russia. Yankho limatifikitsa pa nyumba ina ya ku Moscow, lesitilanti ya Hermitage, imene inakhala pamwamba zaka zoposa 50 mu ulamuliro wa mafumu atatu. Anthu akamaikumbukira amangotchula saladi. Ine nditaiona ndi maso a munthu amene amawerenga mbale, kulipira antchito ndi kutseka kaundula usiku, ndinapeza kuti saladiyo inali kambali chabe ka ntchito yonse. Lipotili ndalembera anzanga a m'khitchini ndi oyendetsa malo odyera.

Malo ndi nyengo

Hermitage inali pa bwalo la Trubnaya, pomwe msewu wa Neglinnaya umakumana ndi Petrovsky Boulevard. Mawu oti truba m'Chirasha amatanthauza paipi, ndipo pansi pa bwalolo pamadutsa mtsinje wa Neglinnaya, umene anautsekera m'ngalande pakati pa 1817 ndi 1819. Mvula ikagwa yamphamvu ngalandeyo inkakanika, madzi n'kusefukira pabwalo ponse. Lamulungu pankachitika msika wa mbalame ndi agalu. Kungowoloka pang'ono kunali dera la Grachevka, la mbava, nyumba za uhule ndi malo omwera otchipa. Wina atandifunsa lero ngati ndingamange lesitilanti yapamwamba pamalo otere, ndingapukuse mutu. Koma mbali inayo, mtunda woyenda pansi, kunali misewu ya Petrovka ndi Kuznetsky Most, kumene olemera ankagula zovala ndi ndolo. Nyumbayo inatembenukira kumeneko.

Eni ake anali awiri: Lucien Olivier, wa makolo olankhula Chifalansa, amene saladi ija imatchedwa dzina lake ku Russia, ndi wamalonda wa ku Moscow, Yakov Pegov, amene anali ndi malowo. Mtolankhani Vladimir Gilyarovsky, amene zolemba zake ndizo zasunga zambiri za nyumbayi, amasimba kuti awiriwa anadziwana pogula fodya wa m'mphuno kwa mlonda wina wapolisi wa pa Trubnaya amene ankamupera mwaluso. Nkhani yokoma, ngakhale atolankhani sasowa pothira mchere. Chimene ndikuonapo ine ndi mgwirizano umene uli wamoyo mpaka lero: wina ali ndi malo ndi ndalama, wina ali ndi manja ndi dzina. Zitseko zinatsegulidwa mu 1864.

Chakacho chinali chabwino kutsegulira malo odyera. Mu 1861 mfumu Alexander II inathetsa ukapolo wa alimi, umene tingaufanizire ndi thangata koma wolemera kuposa, chifukwa mlimi ankagulitsidwa pamodzi ndi munda. Boma linapatsa eni minda chipukutamisozi cha malo amene anapita kwa alimiwo, ndipo gawo la ndalamazo linathera pa matebulo a Hermitage. Awa ndiwo anali makasitomala oyamba, ndipo matumba awo sanachedwe kuphwa. M'mbuyo mwawo munabwera amalonda ndi eni mafakitale a nsalu, anthu ngati a m'banja la Morozov, amene agogo awo anali alimi omangika. Njanji ya pakati pa Moscow ndi St Petersburg inali itayamba kale kuyenda mu 1851. Mzinda unkafufuma: anthu pafupifupi 602,000 mu 1871, oposa miliyoni imodzi mu 1897.

Malaya oyera

Apa ndi pamene ndimaimitsa ophunzira anga nthawi yaitali. Ku Moscow kunali mitundu iwiri ya malo odyera. Kunali traktir, malo a Chirasha, kumene woperekera chakudya ankatchedwa polovoi ndipo ankavala malaya oyera aatali, thalauza loyera ndi lamba. Kunalinso lesitilanti ya mtundu wa ku Ulaya, monga Slavyansky Bazar imene inatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870, kumene maweta ankavala majekete akuda a mchira. Hermitage inatenga khitchini ya Chifalansa, vinyo wa ku France, magalasi ndi mbale za ku Ulaya, koma operekera ake inawaveka ngati a m'traktir. Kusiyana kwake, malayawo anali a nsalu yodula ya ku Holland ndipo malamba anali a silika.

Ndikuona kuti apa panali nzeru yaikulu kuposa ya m'saladi. Mpondamatiki amene bambo ake ankadya phala ndi supuni ya mtengo amafuna kulawa zimene amadya a ku Paris, koma safuna kuchititsidwa manyazi ndi weta wovala bwino kuposa iye. Ndaona ndi maso anga bambo wandalama zake atapatsidwa menyu yodzaza mawu achilendo. Anaitembenuza kawiri, n'kuyang'ana weta amene anaima chilili ngati msilikali, kenako anati, "Ingondipatsani nkhuku ndi tchipisi." Ndalama imene akanaisiya pa nsomba yodula anabwerera nayo kunyumba, ndipo sanadzabwerenso. Wamalonda wa ku Moscow akalowa mu Hermitage ankakumana ndi munthu wovala zimene anazolowera, womuitana dzina lake ndi la bambo ake monga mwa ulemu wa Chirasha. Mtima ukakhala pansi, chikwama chimatseguka chokha.

Kumene ndalama zinkachokera

Hermitage sinali holo imodzi. Inali ndi holo yaikulu ya zipilala zoyera, zipinda zapadera za magulu ang'onoang'ono, zipinda zogona alendo, ndi mabafa a nthunzi. Munthu ankatha kukambirana malonda masana, kudya madzulo, kusamba n'kugona osatuluka pachipata. Mbiri ya zipinda zogonazo sinali yoyera kwenikweni, ndipo mzinda wonse unkadziwa.

Msana wa bizinesiyo unali maphwando. Wophika aliyense amadziwa kusiyana kwa tsiku wamba ndi tsiku la phwando. Pa tsiku wamba umagula nsomba mongoyerekeza, ndipo yotsala ndi luzi yako. Pa phwando ukudziwa anthu ndi angati, adya chiyani, ndipo mwini phwando wavomera kale mtengo. Hermitage inakhala malo amene munthu wodziwika ankalemekezedwerako. Mu Julaye 1877 wopeka nyimbo Pyotr Tchaikovsky ndi Antonina Milyukova anadyera kumeneko chakudya cha ukwati wawo, banja limene linasweka patangopita miyezi yochepa. Mu 1879 anthu ophunzira a mu Moscow anakonzera phwando wolemba mabuku Ivan Turgenev.

Phwando limene timaliona bwino kwambiri ndi la mu Meyi 1880. Wolemba mabuku Fyodor Dostoevsky anabwera ku Moscow ku mwambo wotsegulira chipilala cha mlakatuli Pushkin, ndipo anamukonzera chakudya cha anthu 22 m'chipinda chapadera. Iye analembera mkazi wake kalata yofotokoza zimene zinali patebulo: nsomba ya sturgeon youmika, nsomba ya sterlet yowiritsa yotalika kupitirira mita imodzi, msuzi wa kamba wa m'madzi, zinziri, katsitsumzukwa, masitiroberi, ayisikilimu, vinyo wosankhika ndi shampeni wosawerengeka.

Wowerenga wamba amameza malovu. Wophika amayamba kufunsa mafunso. Nsomba ya mita imodzi yowiritsa yathunthu imafuna mphika wakewake wautali, ndi anthu awiri oinyamula kuti isathyoke pakati. Sterlet ndi nsomba ya m'mitsinje ikuluikulu ngati Volga, ndipo malo apamwamba ankaisunga yamoyo m'madzi mpaka nthawi yophika. Ayisikilimu m'chaka chimene kunalibe firiji amatanthauza chipinda cha pansi pa nthaka chodzaza madzi oundana, odulidwa pamtsinje m'nyengo yachisanu n'kufunditsidwa udzu kuti afike chilimwe. Masitiroberi pa nthawi imeneyo ya chaka ku Moscow amakhala asanapse m'munda, choncho wina anawalima m'nyumba yagalasi kapena anabwera pa sitima kuchokera kummwera. Kumbuyo kwa mbale iliyonse kunali munthu amene anapangana ndi msodzi, mlenje kapena mlimi miyezi ingapo m'mbuyo. Ntchito imeneyi sionekera m'holo, ndipo ndi imene imagwetsa malesitilanti ambiri amene ndawaona akugwa.

Kaperekedwe nakonso kanali ka kwawo komweko. Alendo ankayamba ndi zakuski, tizakudya tozizira tamchere totsagana ndi vodka, kenako mbale zotentha zinkabwera imodziimodzi, nyama itadulidwa kale. Dongosolo limeneli, limene timaphunzitsa lero ngati lachibadwa, Afalansa eni ake analitcha kaperekedwe ka Chirasha, chifukwa kwawo kale ankayala zonse patebulo nthawi imodzi, zina n'kumazizira.

Ovala malaya oyerawo

Lipoti la wophika silingadumphe antchito. Operekera ambiri a mu Moscow ankachokera m'midzi ya m'chigawo cha Yaroslavl. Ankabwera ali anyamata, n'kuyamba ndi kutsuka mbale ndi kutumidwa kwa zaka zingapo asanaloledwe kuyandikira kasitomala. M'malo ambiri polovoi sankalandira malipiro a pamwezi. Ankadalira tipi, ndipo pa tipi yomweyo ankadulidwa za mbale zosweka ndi gawo la akuluakulu. Malaya oyera aja ankafunika kukhala oyera tsiku lonse, ndipo tsiku lake linkayamba m'mawa mpaka pakati pa usiku. Pansi, m'khitchini, munali kutentha ndi utsi, ndipo anyamata ophunzira ankagona mothithikana. Mu 1902 maweta a mu Moscow anakhazikitsa bungwe lawo lothandizana, chizindikiro choti ukalamba ndi matenda zinkawapeza opanda pogwira. Ulemerero wa m'holo ya zipilala zoyera unatsamira pa miyendo ya anthu amenewa, ndipo sindikhulupirira kuti mitengo ya pa menyu ikanakhala momwe inalili akanamalipidwa moyenera.

Tsiku la ophunzira

Pa 12 Januwale 1755, mwa kalendala yakale ya ku Russia, mfumukazi Elizabeth inasaina lamulo lokhazikitsa yunivesite ya Moscow. Linali tsiku la Tatiana woyera, ndipo linasanduka tsiku la ophunzira. Pa kalendala ya masiku ano limagwa pa 25 Januwale. Chaka ndi chaka, mwambo wa kutchalitchi ndi zolankhula za kuyunivesite zikatha, khamu lonse linkatsikira ku Trubnaya.

Hermitage inkakonzekera ngati mudzi wokonzekera dzombe. Mipando ya silika inkatulutsidwa, n'kulowetsa matebulo a matabwa ndi mipando wamba. Pansi ankathira utuchi wochindikala. M'khitchini ankasiya zakudya zozizira zokha, vodka, mowa ndi vinyo wotchipa. Kenako zitseko zinkatsegulidwa kwa anyamata amene tsiku lina lililonse mlonda akanawabweza pakhomo. Ankaimba, kukweza aphunzitsi awo pamatebulo kuti alankhule, ndi kumwa mpaka miyendo kukana. Amene analemba za masikuwo amanena kuti alonda ankalemba ndi choko adiresi pamsana pa jekete la woledzera, kuti woyendetsa ngolo adziwe kokamutula. Apolisi ankauzidwa kuti tsikulo aziyang'ana kumbali. Wolemba mabuku Lev Tolstoy ananyansidwa nazo, ndipo mu 1889 analemba nkhani yodzudzula anthu ophunzira amene ankakondwerera maphunziro ndi uchidakwa.

Kodi mwini lesitilanti ankapindulanji? Pa tsikulo, mwina kanthu kochepa. Koma taganizani amene anali m'holomo. Wophunzira zamalamulo wa chaka chino ndiye loya wa zaka khumi zikubwerazi, wophunzira zaudokotala ndiye dokotala wa mabanja olemera. Ndipo amene anamaliza kale, maloya ndi maprofesa, ankabwera tsiku lomwelo kudzakumbukira unyamata wawo. Munthu amene anaimbapo ataimirira patebulo lanu ali ndi zaka 20, akafuna malo a phwando la mwana wake sapita kwina. Chimene ndimachitamanda kwambiri ndi utuchi uja. Sanakane khamulo, sanalolenso kuti liwawonongere katundu. Anadziwa chimene chikubwera, n'kusintha nyumba kwa usiku umodzi.

Imfa ya Olivier, ndi saladi

Olivier anamwalira ku Yalta mu Novembala 1883 ali ndi zaka 45, ndipo anaikidwa m'manda a Vvedenskoye ku Moscow, kumene ankaika alendo ochokera ku Ulaya. Manda ake anaiwalika mpaka anapezekanso mu 2008. Lesitilanti sinagwe. Inapita m'manja mwa gulu la eni masheya, nyumba inakonzedwanso, maphwando anapitirira. Mu Disembala 1902 wolemba masewero Maxim Gorky anadyetsa kumeneko ochita zisudzo a Moscow Art Theatre sewero lake litayenda bwino. Chakumapeto kwa 1904, pamene misonkhano ya ndale inali yoletsedwa, maloya ndi ena ofuna kusintha kwa boma ankakumana ponamizira maphwando, ndipo Hermitage inali imodzi mwa nyumba zimene zinawalandira. Bizinesi imene ikhala zaka 34 mwini wake atamwalira ndiye kuti inamangidwa pa dongosolo.

Chimene chinapita naye kumanda, monga amanenera a ku Moscow, ndi sosi wa saladi. Akuti ankamusakaniza yekha, ndipo odya akale ankadandaula kuti saladi ya pambuyo pake sinafike pa yoyamba ija. Njira yophikira yoyamba kusindikizidwa inatuluka mu 1894 m'magazini ya Nasha Pishcha, patapita zaka 11 iye atamwalira. Ina ili m'buku lophunzitsira kuphika la Pelageya Aleksandrova la 1897. Pa munthu mmodzi pamafunika theka la mbalame ya m'nkhalango yotchedwa ryabchik, yofananako ndi nkhwali, yowotcha n'kuzizira, mbatatesi zowiritsa, nkhaka imodzi yaiwisi, masamba atatu kapena anayi a letesi, michira itatu ya nkhanu za m'mitsinje, maolivi ndi capers (timaluwa tosaphuka toviika mumchere), supuni imodzi ndi theka ya mayonezi a mafuta a maolivi, othira sosi wa m'botolo wotchedwa kabul, ndi tizidutswa ta msuzi wa nyama woundana, wogwira ngati msuzi wa mang'ina ukagona. Mulibe karoti, mulibe nsawawa, mulibe soseji.

Za chinsinsi cha sosi ndili nalo bala langa. Pa hotela ina imene ndinagwirako, wophika wamkulu anali ndi sosi wa nsomba amene alendo ankabwerera. Ikafika nthawi yomupanga ankatituma kunja, wina kukatenga mandimu, wina kukaona uvuni wosafunika kuonedwa. Sabata ya ukwati wina waukulu bamboyo anagonekedwa m'chipatala. Mwini ukwati anali atalipira kale, ndipo sosiyo anamutchula ndi dzina. Tinayesa katatu usiku wonse, tikulawa ndi kukangana, ndipo chimene tinatulutsa chinali chodyeka koma sichinali chimenecho. Mayi a mkwatibwi anandiitana pakati pa holo n'kundifunsa, motsitsa mawu koma anthu akumva, kuti, "Achimwene, amene amaphika kuno anapita kuti?" Kuyambira pamenepo, m'khitchini iliyonse imene ndimayang'anira, chilichonse chopita kwa kasitomala chimalembedwa pa khadi, magalamu ake ndi mphindi zake, ndipo anthu awiri ayenera kudziwa kuchipanga.

Saladi ya 1897 ndinaiyesa ndi ophunzira. M'malo mwa ryabchik tinagwiritsa ntchito nkhanga, m'malo mwa nkhanu tinaika mapuloni a ku Mozambique. Mayonezi tinapanga pamanja: ndongwe za mazira, mpiru wopera, viniga, ndi mafuta othira dontho limodzilimodzi. Wophunzira woyamba anafulumira kuthira mafuta, zonse n'kulekana, ndipo tinayambiranso. Msuzi woundana unativuta koposa, chifukwa masana a mu Okutobala unayamba kusungunuka mbale isanachoke pakauntala, mpaka tinaziziritsa mbale zomwe. Zitatheka, onse anadabwa ndi chinthu chimodzi: mbatatesi inali yongoperekeza. Chimene umamva ndi nyama ya mbalame, kukhumula kwa nkhaka ndi mchere wa capers. Titawerengera mtengo wa mbale imodzi, mtsikana wina anaseka n'kunena kuti palibe ukwati umene ungalipire.

Mapeto a nyumbayo

Nkhondo itayamba mu 1914 boma linaletsa malonda a vodka, ndipo aliyense wa ntchito yathu amadziwa kuti phindu la malo odyera apamwamba limakhala m'botolo kuposa m'mbale. Chakudya chinayamba kusowa mumzinda. Mu 1917 ufumu unagwa, ndipo makasitomala a Hermitage anathawira kunja, kulandidwa chuma kapena kubisala. Lesitilanti inatsekedwa. Inatsegulidwanso kanthawi kochepa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, boma litalola malonda ang'onoang'ono, koma mu 1923 nyumbayo inasanduka malo ofikira alimi obwera ku Moscow, okhala ndi zipinda zogona ndi holo ya misonkhano. Zidzukulu za amene ankalima mbatatesi zija zinagona m'zipinda za amene ankazidya.

Saladi inayenda ulendo wake yokha. M'zaka za m'ma 1930 wophika Ivan Ivanov wa pa lesitilanti ya Moskva anatulutsa ina yofanana nayo, yotchedwa Stolichny, nkhuku italowa m'malo mwa mbalame ya m'nkhalango. Mu 1936 mafakitale a boma anayamba kupanga mayonezi a m'mabotolo, ndipo chaka chomwecho kunatuluka soseji yofewa ya Doktorskaya. M'makhitchini a m'nyumba soseji inachotsa nkhuku, nsawawa za m'chitini zinachotsa capers, nkhaka zoviika mumchere zinachotsa zaiwisi, karoti analowa pamene panali michira yofiira ya nkhanu. Dzina la Olivier lokha ndilo linatsala, ndipo pa 31 Disembala mabanja a ku Russia amaidulabe yodzaza beseni.

Nyumba ya pa Trubnaya ikadalipo. Kuyambira mu 1989 muli gulu la zisudzo limene linayamba ndi dzina la School of Modern Drama. Inapsa mu Novembala 2013, n'kutsegulidwanso mu 2019 itakonzedwa, ndipo owonera masewero amakhala m'holo momwe ankathira utuchi pa tsiku la Tatiana.